Mlandu wa Woweruza Amene Nzeru Zake Zatopa

Funso lakuti munthu angaimbidwe mlandu pa chigamulo chimene wapereka nzeru zake zitafooka iye osadziwa ndi lakale m'chipembedzo ndi m'maphunziro a chikhalidwe, koma limaonekera bwino pa ntchito ya woyimbira mpira, amene malamulo a bungwe la IFAB, lomwe limakonza malamulo a masewerowa, amati zimene wagamula m'bwalo palibe wozisintha. Mphamvu yotereyi imaperekedwa poyembekeza kuti woyimbirayo akhala tcheru mphindi 90 zonse, kutanthauza kuti aziona, azikumbukira ndi kugamula msanga, chonsecho ntchito yomweyo ndiyo imamufooketsa. Woyimbira masewero akuluakulu amathamanga makilomita pafupifupi 10, ndipo kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, madzi amathera m'thukuta, kotero kuti ubongo umayamba kuchedwa ngakhale miyendo ikadali kuthamanga.

Nkhani ya Janny Sikazwe wa ku Zambia ikuonetsa kuti luso silitchinjiriza munthu ku vutoli. Iyeyu anayimbira ndime yomaliza ya Africa Cup of Nations mu 2017, ndipo mu 2018 anakhala woyamba wa m'dzikolo kuyimbira pa World Cup. Komabe pa 12 January 2022, ku Limbe m'dziko la Cameroon, pa masewero a Tunisia ndi Mali, analiza wezulo yothetsa mpira pa mphindi 85, atauyambitsanso anauthetsa kachiwiri mphindi 90 zisanakwane, ngakhale kuti chigawo chachiwiricho chinali ndi mapenate awiri ndi khadi yofiira, zimene zinkafuna nthawi yowonjezera. Pambuyo pake anapita naye kuchipatala chifukwa cha kutenthedwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kawirikawiri munthu amaimbidwa mlandu chifukwa akanatha kuchita mwina, koma nzeru zimene zikanamuuza woyimbirayo kuti wasokonezeka, alekeze, ndi zomwezo zimene zinali zitasokonezeka. Diso silidziona lokha. Atabwerera kwawo, Sikazwe anauza atolankhani kuti akanatha kubwera m'bokosi la maliro, ndipo akukhulupirira kuti Mulungu ndiye anamuuza kuthetsa masewerowo. Ambiri anawaseka mawuwa, koma sayenera kusekedwa, pakuti akufunsa chinthu chimene okhulupirira akhala akulimbana nacho, chakuti kodi chimene chili cholakwa pamaso pa lamulo chingakhale chifundo pamaso pa Mulungu. Anyamata a Tunisia, omwe anagonja 1-0, analandidwa mphindi zawo, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Moyo wa munthu unapulumukanso ndi wezulo yomweyo. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake.

Ngati woyimbira sangadziwe yekha kuti wafooka, mbali yaikulu ya udindo igwera amene amasankha ola la masewero ndi amene aima pambali pa bwalo. Izi zikukhudza kwambiri maboma ngati Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, kumene mu October, pamene anthu akuyembekezera mvula ndipo mtsinje wa Chongwe waphwera, mpira wa masukulu ndi wa m'midzi umaseweredwa masana dzuwa likuswa mtengo. Malamulo amalola nthawi yopumira kuti thupi lizizire, ya masekondi 90 mpaka mphindi 3, koma woilamula ndi woyimbira yemweyo, amene kumudzi nthawi zambiri sakhala ndi woyimbira mnzake wapambali woti amulowe m'malo, mwinanso ndi mphunzitsi wongodzipereka. N'zomvetsa chisoni kuti osewera akatopa amasinthidwa anthu n'kuwaombera m'manja, pamene woyimbira akatopa amatchedwa wogulidwa, ndipo okonza masewero, amene akanatha kuyamba mpira dzuwa litapendeka ndi kusankhiratu munthu woyang'anira thanzi lake, safunsidwa kanthu.