Kodi Wogonja Ali ndi Ufulu Wodandaula?

Munthu akagonja kawirikawiri kwa mdani mmodzimodzi, sachedwa kunena kuti masewerawo ngokondera. Funso loti tilingalire nali: kodi dandaulo lotere limakhala loona liti, nanga ndi liti pamene limangophimba ulesi wa wogonjayo?

Tiyambe ndi bawo, masewera amene abambo amasonkhanira pansi pa mitengo ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23, kwathu kuno kwa Tsabango. Pabawo pali maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo aliyense amalandira 32. Palibe angagule nkhomo yoonjezera. Tsono katswiri akamadya anzake tsiku ndi tsiku, wogonja alibe pothawira: mnzakeyo wangomuposa kuwerenga. Ena amafika ponena kuti katswiriyo ali ndi mankhwala, koma anzeru amakhala chete pambali, naonetsetsa m'mene iye amatetezera nyumba ndi nthawi imene amatakata. Mawa lake amabwera atadziwa pomukolera.

Nkhani imavuta tikafika pa masewera a makhadi a pa intaneti, monga Magic: The Gathering, amene Richard Garfield anayambitsa pa mapepala m'chaka cha 1993. M'masewerawa munthu amasonkhanitsa makhadi, ena ogula ndi ndalama, nadzimangira yekha mtolo woti amenyere nkhondo. Motero osewera sayamba mofanana ngati pabawo. Nthawi zina pamabuka mtolo wooneka ngati wosagonjetseka, ndipo anthu amauthamangira ngati ntchentche pa chilonda.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuti wogonja asafulumire kulira. Mtolo umene aliyense akugwiritsa ntchito sukhalanso ndi chinsinsi. Ukangoona khadi loyamba, wadziwa kale zotsatira. Ngati mphamvu zake zimachedwa kukhwima, umaukantha msangamsanga ndi makhadi ang'onoang'ono usanadzuke. Ngati ukudalira khadi limodzi, umasunga lako lophera limenelo, osalitaya pa zinthu zachabe. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Wosauka makhadi adziwe bwino mdani wake kuposa m'mene mdaniyo akudzidziwira. Kunena zoona, ambiri odandaula sanayesepo n'komwe ntchito imeneyi, chifukwa ndi yotopetsa ndipo imafuna kugonja kangapo uli tcheru.

Komatu kukondera kwenikweni kulipo, ndipo n'kulakwa kuuza aliyense wogonja kuti vuto ndi iyeyo. Mu Okutobala 2019 eni ake a Magic anatulutsa khadi lotchedwa Oko, Thief of Crowns. Akatswiri anayesa njira zosiyanasiyana, mpaka kudzaza mitolo yawo ndi makhadi olimbana ndi Oko yekhayo, koma pa mipikisano ikuluikulu ambiri anangoona kuti chanzeru n'kumunyamula nawonso. Apa ndiye pali muyeso. Pamene mankhwala okhawo a chida cha mdani ndi kutenga chida chomwecho, luso la kusankha lafa, ndipo wodandaula sakunama. Dandaulo la akatswiriwa linali ndi mphamvu chifukwa linachokera kwa anthu amene anali atakhetsa kale thukuta.

Mu Novembala chaka chomwecho kampani ya Wizards of the Coast inaletsa Oko pa mpikisano wa Standard. Chaka chisanathe, mu Okutobala 2020, inaletsanso khadi lina lotchedwa Omnath, Locus of Creation, patangopita milungu yochepa litatuluka.