Kuthawa Utsi Osathawa Mnzako



Munthu akasiya fodya sasamukira kudziko lina. Mawa lake amapezekanso pa bawo ndi anzake omwe aja. Kuntchito anthu akusutabe, mwinanso ndudu ikuyatsidwa pakhonde la nyumba yake yomwe. Fungo likangomufika, chibaba chimadzuka. Kodi atani?

Mu Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh sanaletse kusuta fodya. Koma 'Abdu'l-Bahá, m'Kalata yake yonena za ukhondo ndi chiyero, anafotokoza kuti kusuta kumadetsa munthu ndi kuwononga thupi, ndipo analimbikitsa okhulupirira kuti akusiye. Choncho amene akusiya wasankha bwino, koma alibe chifukwa choweruzira mnzake amene akusutabe.

Chibaba chimabwera chifukwa thupi linazolowera nikotini. Chimavuta kwambiri masiku oyambirira, koma chikafika chimatha mphindi zochepa chabe n'kuzilala. Ntchito yathu ndi kupirira mphindi zimenezo. Mnzanu akayatsa ndudu, dzukani, pitani pamene palibe utsi, imwani madzi, ndipo bwerezani "Alláh-u-Abhá" chamumtima kufikira mtima utakhazikika. Kenako bwererani mukapitirize kucheza.

Auzeninso anzanu poyera: "Achimwene, ine ndasiya. Ngakhale ndipemphe, musandipatse." Kunyumba, pemphani mwaulemu kuti osuta azikasutira panja.

Kumbukirani masiku 19 a Kusala m'mwezi wa Malichi, pamene sitidya, kumwa kapena kusuta kuyambira kutuluka kwa dzuwa kufikira kulowa kwake. Ena amadya ife tikuona, koma sitiwakwiyira, ndipo sitisiya kusala. Mphamvu imene Mulungu amatipatsa nthawi imeneyo ndi yomwenso tikuifuna pano.

Pali msampha wina woposa utsi. Munthu akatha milungu iwiri osasuta, amatha kuyamba kunyoza anzake kumbali. Imeneyo ndi miseche, ndipo Bahá'u'lláh anailetsa kotheratu. Tingapindulenji kutsuka mapapo, lilime n'kulisiya lakuda? Mwinatu mnzathuyo akutiyang'ana mwakachetechete kuti aone ngati kusiya n'kotheka.

Ngati mwagwa n'kusuta imodzi, musataye mtima. Pempherani, uzani mnzanu wa m'gulu lino, ndipo muyambirenso tsiku lomwelo.

Tikambirane:

1. Kodi ndi nthawi ziti komanso malo ati pamene chibaba chimakula kwambiri?
2. Tingakane bwanji ndudu popanda kumuchititsa manyazi wotipatsayo?
3. Gulu lathu lingamuthandize motani mnzathu amene akusiya sabata ino?