Galu wosadziwika mwini wake satsatidwa

M'midzi ya kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, mwana akafika msinkhu wotumidwa kudimba kapena wotsagana ndi akulu ake kubusa, pali mawu amene salephera kuuzidwa: galu wosamdziwa usamtsate, usamuitane, usamgende, ukakumana ndi chilombo panjira usachiyandikire ndipo usathamange, kamwana ka nyama kamene wakapeza kokha pathengo usakatole. Kawirikawiri mawuwa amanenedwa popanda chifukwa chake, kapena ndi chifukwa choopseza, chakuti galu wotere ngotumidwa ndi mfiti ndipo akakusocheretsa kumanda. Ana a sukulu akamva zimenezi amaseka, nataya langizo lonse pamodzi ndi choopsezacho. Ine ndikuona kuti akutaya chinthu chofunika kwambiri, pakuti pansi pa mawu a agogowa pali nzeru yochokera m'zimene anthu adaona ndi maso: nyama imene yasiya khalidwe lake ndiyo yoopsa kuposa zonse.

Galu wa pamudzi ali ndi pakwawo. Amagona pakhonde lodziwika, amauwa mlendo, amatsata mbuye wake kumunda, ndipo akafika pamudzi wa eni amapinda mchira chifukwa adziwa kuti pali agalu ena. Tsono galu amene akungoyenda yekha masana, osasamala za malire a midzi, osaopa anthu kapena agalu anzake, wachita chinthu chachilendo, ndipo chimodzi mwa zimene zimamchititsa zotere ndi chiwewe. Kachirombo ka matendawa kamakwera m'mitsempha mpaka ku ubongo, kenako n'kutsikira m'malovu. Galu amayamba kusakhazikika, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chomuyandikira, mawu ake amasintha, ndipo amatha kuyenda mtunda wautali kutali ndi kwawo. Pali mtundu wina wa chiwewe umene umanyenga kwambiri ana. Galu sachita ukali, amangofooka, chibwano chili lende, dovu likuchucha, n'kumaoneka ngati wameza fupa. Mwana wachifundo amafuna kumthandiza, amapisa dzanja m'kamwa, ndipo kabala kakang'ono pachala n'kokwanira kulowetsa matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 olumidwa ndi nyama zokayikitsa ndi ana osakwana zaka 15. Akuluakulu aja sadalakwitse posankha ana kuti ndiwo auzidwe.

Sadalakwitsenso pomangirira langizo lawo pa galu wachilendo osati galu aliyense. Galu wa pamudzi akaluma munthu, mwini wake alipo. Amafunsidwa ngati galuyo adabayidwa katemera, ndipo galuyo amamangidwa n'kumayang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa amene ali ndi chiwewe m'malovu sakhalitsa asanaonetse zizindikiro ndi kufa. Wachilendo amaluma n'kulowa m'tchire, ndipo palibe angakuuzeni kumene wachokera ndi kumene wathera. Boma la Chadiza lili m'malire ndi Mozambique, njira zazing'ono zodutsa malirewo nzambiri, ndipo galu safunsidwa chiphaso. Malamulo a Zambia okhudza agalu amafuna kuti azilembetsedwa ndi kubayidwa katemera, koma lamulo limagwira galu amene ali ndi mwini. Kwa galu wopanda mwini, chitetezo chokhacho chimene mwana ali nacho ndicho kutalikirana naye.

Wina anganene kuti langizo lomangidwa pa mantha a ufiti siliyenera kutetezedwa, chifukwa limazoloweretsa ana kukhulupirira zosaoneka. Mawuwa ali ndi mbali yoona. Chiwewe chimatenga nthawi kuti chionekere mwa munthu, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina mlungu umodzi wokha, nthawi zina mpaka chaka. Bala limapola, anthu n'kuiwala, ndiye mwana n'kuyamba kubwebweta, kuopa madzi ndi kuphupha. Makolo akale, amene sankadziwa za kachirombo, akadaganiza chiyani china kupatula dzanja la munthu? Ngakhale ku Ulaya, katemera woyamba wa chiwewe, wa Louis Pasteur, adaperekedwa kwa munthu mu 1885, ndipo kachiromboko sikadaonedwe kufikira zaka zambiri pambuyo pake. Makolowo adaphonya pofotokoza, koma poona sadaphonye: adazindikira kuti imfa yoopsa ija imatsatira galu wachilendo. Vuto la chifukwa cha ufiti ndi lakuti lero chimatumiza wolumidwa kwa sing'anga m'masiku omwewo amene akadayenera kukhala kuchipatala, ndipo chimasiya chidani pakati pa abale. Choyenera kuchotsedwa ndi chifukwa cholakwikacho. Lamulo lenilenilo likhale, ndipo mwana auzidwe zoona, pakuti mwana wa zaka 8 angathe kumva kuti malovu a galu wodwala amapha.

Enanso amati nkhani ya zilombo njakale, poti nkhalango zambiri za ku Chadiza zidasanduka minda ya chimanga, soya ndi mpendadzuwa, ndipo mkango ndi njovu zili kutali ku Luangwa. N'zoona kuti zikuluzikuluzo mwana wa kwa Zingalume sakumana nazo kawirikawiri. Koma mphiri ikadagonabe m'njira za kudambo, mamba akadali m'zulu momwe anyamata amakumba mbewa, anyani amatsikabe m'mapiri chimanga chikakhwima, ndipo nkhandwe ndi afisi sizidathe. Nyama zimenezi zikakhala bwinobwino zimapewa munthu. Njoka zambiri zimaluma zikapondedwa kapena munthu akafuna kuzipha ndi ndodo yaifupi. N'chifukwa chake akulu amati bwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, isiyire njira. Kuthamanga kumadzutsa mtima wothamangitsa mwa galu ndi fisi yemwe, pomwe kuima nji, manja ali m'mbali, osayang'anitsitsa m'maso, kumachititsa galu kununkhiza n'kupita. Nkhandwe yolowa m'mudzi dzuwa lili paliwombo, yosathawa anthu, isatengedwe ngati yoweta kapena ngati ndiwo yodzibweretsa yokha, pakuti nayonso imadwala chiwewe n'kupatsira agalu. Mu 2003, ku Dowa m'dziko la Malawi, chilombo china chidapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16, anthu ambirimbiri nathawa m'midzi yawo. Ambiri ankati nza matsenga, koma akuluakulu oona za nyama zakutchire adaganiza kuti adali fisi wachiwewe.

Sindikunena kuti ana aziopa agalu onse. Galu ndi mlonda wa khola ndi nkhokwe, ndi mnzake wa mbusa, ndipo mnyamata wokulira limodzi ndi galu wa pakhomo ndiye amadziwa msanga galu amene sali bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mbali ina ya malangizowa, pomwe ndikuona kuti ngoperewera. Amanena zoyenera kuchita munthu asanalumidwe, n'kukhala chete pa za pambuyo pake. Choipa koposa, langizo likamaperekedwa ndi mkwapulo, mwana amene waphwanya lamulo n'kukandidwa kapena kulumidwa pang'ono amabisa bala poopa kumenyedwa, ndipo kubisako ndiko kumamupha. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, pafupifupi aliyense amamwalira. Koma munthu akathandizidwa msanga chimapeweka. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, lisamangidwe mothina kapena kupakidwa ubweya wootcha wa galuyo, ndipo wolumidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni, n'kumaliza onse amene wauzidwa ngakhale bala litapola. Mtunda ndi ndalama ya njinga yamoto ndi zolemetsa zenizeni kwa banja la kumudzi, koma mbuzi yogulitsidwa chifukwa cha ulendowo siifanana ndi moyo wa mwana.

Mbali yotsala ili m'manja mwa eni agalu ndi anyakwawa. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 a m'dera akabayidwa katemera, chiwewe chimasowa podutsira, ndipo izi zidayesedwa pafupi pompa: mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20. Tsiku la 28 September chaka chilichonse ndi lokumbutsa za chiwewe padziko lonse, ndipo a zaziweto akalengeza katemera, nyakwawa angathe kumema mudzi monga amachitira pa ntchito ya kumanda kapena yolambula msewu.

Choncho inu makolo, agogo ndi atsibweni a kwa Zingalume, pitirizani kuuza ana kuti galu wosamdziwa asamtsate. Auzeninso chifukwa chake chenicheni, ndipo muwalonjeze kuti akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale atakhala kuti adaputa okha galuyo, abwere adzanene ndipo simudzawamenya.