Ngaka Yalowa M'thumba la Feteleza

Kale munthu akakumana ndi ngaka kuthengo, nkhani inkafika kwa amfumu. Akuluakulu ankati ndi nyama ya mwayi, ena n'kumati imabwera ndi mvula, ndipo panali agogo amene anakalamba mpaka kutsikira kulichete osaionapo. Lero mnyamata akaiona, choyamba kufunsa ndi mtengo wake. Amaitola, kuiponya m'thumba la feteleza, n'kuyamba kuimba mafoni kusaka wogula. Tafika pati, abale?

Kanyama kameneka sikalakwira munthu. Mano kalibe, liwiro kalibe. Kamatuluka usiku, kakuyenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo katainyamula m'mwamba, n'kumanyambita nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali. Kakaopsezedwa kamadzikulunga ngati nkhata, ndipo mkango umakagubuduza mpaka kutopa n'kukasiya. Nzeru imene yagonjetsa mkango ndi yomwenso ikukapereka kwa ife: munthu amangowerama n'kunyamula. Kubereka kwake ndi mwana mmodzi pachaka, ndiye mukachotsa make m'tchire mwapha awiri.

Ndipo tikukazunziranji? Mamba ake amapita ku China ndi ku Vietnam kumene amati ndi mankhwala, chonsecho chimene chili m'mambamo ndi chomwecho chimene chili m'zikhadabo zimene timawenga n'kutaya.

Malamulo alipo ndithu. Mu 2016 maiko anagwirizana ku Johannesburg, pansi pa pangano la CITES, kuletsa malonda a pakati pa maiko a mitundu yonse isanu ndi itatu ya ngaka. Kuno kwathu lamulo la 2017 limalola khoti kupereka zaka zofika 30 kundende. Koma milandu sikutha, ndipo kawirikawiri wovala unyolo amakhala bambo wakumudzi amene anamva mphekesera za mamiliyoni. Wogula amene ankamudikira uja nthawi zina amapezeka kuti ndi wapolisi. Umphawi ulipo, sitikana, koma makolo athu sanali olemera.

Ngaka zolandidwa zimafika kwa a Lilongwe Wildlife Trust zitafooka ndi ludzu, zitatha masiku osadya, poti ngaka sidya madeya kapena nsima. Osamalira amayenda nazo m'tchire kuti zidzisakire nyerere mpaka zitapeza mphamvu.

Mlendo atha kuzungulira Liwonde kapena Majete mlungu wathunthu, kuona njovu ndi mikango, ngaka osaiona. Ana athu ambiri akuionera pa chithunzi cha m'nyuzipepala, ili pakhomo la polisi pambali pa malume awo.