Mbadwa ndi Obwera

Ndikusanthula mafayilo akale ku ofesi, ndinakumana ndi liwu lachingerezi lakuti "native". Gwero lake ndi Chilatini, ndipo poyamba linkangotanthauza mbadwa. Mzungu wobadwira ku London naye anali "native" wa kwawoko. Litafika ku Nyasaland linasanduka chitonzo cha munthu wakuda. Mu 1933 mafumu anatchedwa Native Authority, komabe Inkosi Gomani II atakana chitaganya mu 1953, boma linawachotsa pampando. Ulamulirowo unali wobwereka.

Koma chondisautsa n'china. Ife Angoni a ku Ntcheu makolo athu anachokera kumwera, napeza Achewa ali kale pano. Nanga ndikamati waganyu wochokera ku Angónia ndi "obwera", ndasiyana pati ndi mlembi wa mafayilo aja?