Kodi mwana wodzidalira ndi wamwano?

Amayi anzanga, aliyense amene wapitako pa Nsaru kapena pa Namitete tsiku la msika wazimva nyimbo zimene zimalira m'timashopu ta anyamata oika nyimbo m'mafoni. Zambiri ndi za ku Nigeria ndi za achinyamata athu a m'tauni, ndipo kawirikawiri woimba amadzitchula dzina lalikulu. Davido wa ku Nigeria amadzitcha OBO, kutanthauza mwana wa munthu wolemera. Kuno kwathu Tay Grin ndi Nyau King, pamene Fredokiss ndi Ghetto King Kong. Ana athu adaloweza zonsezi, ndipo ambirife timangoti ndi matama. Koma kodi aliyense wodzitchula dzina lalikulu ndi wodzikuza?

Taganizirani za Burna Boy, woimba winanso wa ku Nigeria. M'chaka cha 2019 adamuitana kukaimba ku chikondwerero cha Coachella ku America, koma pa chikalata cholengezera dzina lake adalilemba m'zilembo zing'onozing'ono. Iye adadandaula poyera kuti asamuchepetse chotero. Ena adamuseka kuti ndi wodzimva. Chaka chomwecho adatulutsa chimbale chotchedwa African Giant, ndipo mu 2021 adalandira mphoto ya Grammy chifukwa cha chimbale china, Twice as Tall. Amene amayendetsa ntchito yake ndi mayi ake omubereka, a Bose Ogulu. Mawu ake adali aakulu, koma kumbuyo kwake kudali thukuta la zaka zambiri.

Tsono tidzifunse ife eni. Timaphunzitsa ana, makamaka atsikana, kugwada, kuyang'ana pansi ndi kuyankhula motsitsa mawu. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo tisautaye. Koma mtsikana akafunsa funso timathamangira kumunena kuti ndi wamwano. Mawa lake mwana yemweyo amapita kukagulitsa soya kapena mtedza, venda n'kumubera pa sikelo iye akuona, koma osatsegula pakamwa. Mwamuna wamkulu akamunyengerera ndi ndalama, mawu oti "ayi" amamukanika, chifukwa sitidamuphunzitse kuti nayenso ndi munthu woyenera kumvedwa. Paja akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Sindikunena kuti zonse za m'nyimbozi n'zabwino. M'mavidiyo ambiri ulemerero wa munthu amauyeza ndi galimoto, mowa wodula ndi atsikana omuzungulira, ngakhale kuti zina mwa zinthuzo amangobwereka tsiku lojambula. Mnyamata wa kabaza wa kwa Kabudula akaona zimenezi amayamba kudziona ngati wachabe, mwina mpaka kugulitsa fodya wa makolo mobisa kuti agule nsapato zoti anzake amutame. Uku si kudzidalira ayi, koma mantha oopa kusekedwa.

Kusiyana kwake ndi uku: wodzitama amafuna anthu omuonerera ndiponso wina woti amupondereze kuti iye aoneke wamtali. Wodzidalira amadziwa kwawo ndi ntchito ya manja ake, choncho sachita manyazi ndi njinga yake, ndipo kukwera kwa mnzake sikumupweteka mtima.

Choncho mwana akamaimba nyimbozi pakhomo, tisathamangire kumulanda foni. Tikhale naye pansi, timufunse kuti woimbayo adagwira ntchito yanji kuti adzitchule mfumu. Kenaka timufunse iye mwini chimene amachita bwino, ndipo akachitchula, timuyamikire pamaso pa abale ake.