Wilibala Kapena Ngolo ya Injini: Mawu kwa Mphwanga Wosamala Mahatchi ku Joni

Mphwanga, ndamva kwa mayi ako kuti bwana wako wa ku Kyalami akufuna kugula chotayira ndowe, ndipo wakuuza kuti usankhe wekha: wilibala yatsopano, kapena ngolo yoyendera injini kaya batire. Ndamvanso kuti mtima wako wathamangira kale ku injini. Palibe chodabwitsa, mnyamata aliyense amakonda chinthu cholira. Koma usanayankhe, tamvera malume ako amene anakalambira m'makola a mahatchi komweko.

Yamba wadziwa katundu amene ukunyamula. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imatulutsa ndowe zokwana pafupifupi makilogalamu 15 patsiku, mkodzo pambali. Ukaphatikiza utuchi wonyowa umene umachotsa m'khola, khola limodzi limakupatsa zinyalala zoyandikira makilogalamu 30. Mahatchi khumi, ndiye kuti makilogalamu 300 tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi zomwe, chifukwa hatchi sidziwa tchuthi.

Koma pali chinthu chimene ogula ambiri sachiona. Zinyalala za m'khola ndi ndowe za kudambo kodyera ndi katundu wosiyana. Utuchi ndi wopepuka koma wodya malo. Wilibala ya amisiri omanga nyumba, ija ya malita 65 imene imapezeka pafamu iliyonse, anaipangira simenti ndi mchenga. Ukaikamo utuchi imadzaza manja asanamve kulemera, ndipo umangotha nsapato ndi maulendo opita kudzala, kwinaku zina zikutayikira m'njira kuti ukasesenso. Ya m'khola yeniyeni ndi ija ya pulasitiki, ya matayala awiri, yolowa malita 200 kapena kuposa. Sipendama, ukhoza kuikankha ndi dzanja limodzi lina likutseka chitseko, ndipo mkodzo suidya ngati mmene umadyera chitsulo. Anthu ambiri amene amadandaula kuti wilibala yawatopetsa, chawatopetsa si wilibala ayi, koma wilibala yolakwika.

Ndowe za kudambo ndiye nkhani ina. Zikanyowa ndi mvula zimalemera, ndipo zimakhala zitamwazikana kutali ndi kutali. Kuzisiya sikutheka. Mazira a njoka za m'mimba amatuluka ndi ndowe, amaswa, tianato timakwera udzu, hatchi n'kutidyanso. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalimbikitsa kutola ndowe kawiri pasabata kapena kuposa, makamaka masiku ano pamene mankhwala a njoka sakugwiranso ntchito monga kale. Ndiponso hatchi sidya pamene yachita chimbudzi, choncho dambo losatoledwa limasanduka zigamba: apa udzu wautali wokanidwa, apo dothi lokhalokha.

Ndiye pita ukayende mtunda wochoka pakona yakutali ya dambo kufika padzala la manyowa, ukuwerenga mapazi. Uone ngati pali chitunda. Uone pamene madzi amadikha mvula ikagwa. Yankho la funso la bwana wako lili pansi pamenepo, osati m'sitolo. Ngati mahatchi ndi atatu kapena anayi, malo ndi athyathyathya, dzala lili pafupi, injini ndi kuwononga ndalama. Ngati mahatchi apitirira khumi, madambo ndi otalikirana, ndipo pobwerera umakwera mtunda ndi katundu, usachite manyazi kupempha makina. Pamenepo wilibala imakudya msana pang'onopang'ono, ngati nankafumbwe m'nkhokwe: kunja ukuoneka wathunthu, tsiku lina n'kungolephera kuwerama kuti umange nsapato. Anzanga ena anabwerera kumudzi ndi malata ndi njinga zamoto, koma khasu sangaligwire.

Tsono ngati ndi makina, ati? A petulo ali ndi mphamvu. Kuli mtundu wina wochokera ku Britain wotchedwa Muck-Truck, wa injini ya Honda, wokoka ndi matayala onse anayi, umene umanyamula makilogalamu 250 ndipo umakwera chitunda iwe ukungowongolera pambuyo. Komabe umafuna oyilo, umafuna kuyeretsa sefa ya mpweya pafupipafupi chifukwa fumbi la m'khola ndi lambiri, ndipo umalira. Mahatchi amazolowera phokoso akalimva tsiku ndi tsiku, koma mlendo kapena wamng'ono akhoza kudumpha mpanda. Kulowa nawo m'khola lotsekeka injini ikulira n'kupweteka mapapo a hatchi ndi ako omwe. Petulo naye asagone nyumba imodzi ndi udzu wouma. M'miyezi ya June mpaka September kumeneko kumauma gwa, ndipo moto wa m'khola sudikira kuti upeze makiyi.

A batire ndi ofatsa, alibe utsi, ndipo m'kati mwa makola ndi amene ine ndingasankhe. Kufatsa kwakeko kuli ndi vuto lake: hatchi sikumva ukubwera. Uziyankhula kapena kuimba kamluzu ukamadutsa kumbuyo kwake, chifukwa mwendo wa hatchi yodzidzimuka sufunsa dzina. Vuto lalikulu ndi magetsi. Iwe unafika mochedwa, koma funsa anzako za chaka cha 2023, pamene Eskom inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Ngolo yosatchajidwa ndi yolemera kuposa wilibala iliyonse. Funsa ngati pafamupo pali sola kapena jenereta. Funsanso mtundu wa batire. Lachikale lija, longa la galimoto, limafa msanga ukamalisiya lopanda moto, ndipo m'mawa wa chisanu limafooka. La lithium limakhalitsa ndiponso n'lopepuka, koma ndi lodula, ndipo likawonongeka likhoza kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Malo otchajira akhale a simenti, kutali ndi udzu ndi utuchi.

Za njinga zija za matayala anayi zokoka kalavani ndinene mwachidule. Pafamu yaikulu n'zothandiza, makamaka potengera madzi, poti hatchi imodzi imamwa malita 25 mpaka 40 patsiku, ndipo lita iliyonse ndi kilogalamu. Koma zimagubuduzika ukadula chitunda cham'mbali, ndipo potsetsereka kalavani yodzaza imakukankha. Chisoti uzivala, mnzako usamukweze kumbuyo. Mvula ikagwa usalowe nazo m'dambo, zimasiya mikwasa imene ikauma imapotokola miyendo ya mahatchi.

Matayala usawaiwale. Dziko limenelo ndi la minga, ya mitengo ndi tija tapansi tobaya ngati nseso. Tayala lopopa limayenda mofewa pamabampu koma limaphwa nthawi imene ntchito yachuluka. Lolimba losapopa siliphwa, ngakhale limagwedeza manja ndi kutitimira pamchenga. Pawilibala ine ndimakonda losapopa. Pamakina, matayala otambalala a mano akuluakulu, ndi mankhwala aja othira m'kati otseka zibowo.

Safunsa anadya phula, choncho wogulitsa umufunse mafunso awiri asanayambe kutamanda katundu wake: chikawonongeka amakonza ndani, ndipo zipangizo zake zimapezeka kuti? Makina otchipa a pa intaneti, opanda dzina lodziwika, akathyoka giya amakhala kuseri kwa khola mpaka kumera udzu. Yeza ndi tepi kukula kwa chitseko cha khola ndi zipata zonse. Uyesenso kukhuthula ngoloyo ili yodzaza, chifukwa ina imayenda yokha bwinobwino koma pokhuthula imafuna msana womwe uja umati ukuupulumutsa.

Palinso china chimene anyamata sachiganizira. Bwana akagula makina amayamba kuwerengera. Ntchito imene inkatenga anthu atatu akaona ikutha ndi awiri, wachitatu amauzidwa kuti apume kaye, ndipo kawirikawiri amakhala mnzako wa kwathu konkuno amene ali ndi ana kusukulu. Kapena amakuwonjezera makola ena asanu pamalipiro omwewo. Sindikunena kuti ukane makina chifukwa cha zimenezi. Ndikuti polankhula ndi bwana, unene poyera kumene nthawi yopulumutsidwayo ipite: kutola ndowe kudambo tsiku lililonse m'malo mwa kawiri pasabata, kutsuka zomwera, kupesa mahatchi mofatsa, kuyendera mipanda. Mwini hatchi amamva msanga ukamuuza za thanzi la hatchi yake kusiyana ndi za msana wako, ndiye yambira pamenepo.

Chilichonse chimene musankhe, usachisiye m'dambo muli mahatchi, ngakhale kwa mphindi zochepa zokamwa madzi. Hatchi ndi yachidwi, imanunkhiza, imapalasa, mwendo n'kukodwa pakati pa zogwirira. Makiyi a makina uzichotsa, chifukwa ana obwera kudzaphunzira kukwera amagwira chilichonse. Ndipo makinawo akabwera, wilibala yakale musataye. Uithire girizi pa ekiselo, uiimike chozondoka pamthunzi kuti madzi asadikhemo, chifukwa tsiku limene batire lidzakane, makola aja adzafunikabe kupalidwa isanakwane 9 koloko. Ukayeza mtunda uja undiuze mapazi ake, ndi kuchuluka kwa mahatchi, tidzaonere limodzi.